Kwa mwana wanga ku Ahmedabad

Mwana wanga,

Kuno tili bwino. Wati sukulu yakupezera malo pakhomo pa banja lachigujarati, ndipo ukuona ngati akukulondalonda. Amwenye ambiri a ku Limbe kuno makolo awo anachokera ku Gujarat komweko, ndipo ine ndinawaphikira zaka zambiri, choncho tandimvera.

Pakhomo potero agogo, ana awo aamuna, akazi awo ndi zidzukulu amadya za mumphika umodzi. Ndalama angabweretse abambo, koma khitchini ndi ya agogo aakazi. Ukagwirizana nawo iwowo, nyumba yonse yakulandira. Amadzuka kusanache, kusamba, kuyatsa kanyali pa kaguwa kawo kopemphererapo, kenako n'kutereka tiyi wamkaka wothira jinja. Nsapato zimatsala pakhomo. Kupemphera nawo sangakukakamize, koma nthawi imeneyo foni yako ikhale chete.

Nkhani yaikulu ili kukhitchiniko. Agujarati ambiri sadya nyama, ena ngakhale dzira. Akakhala achipembedzo cha Jain, anyezi, adyo ndi mbatatesi sizilowa m'nyumba, ndipo ena amadya dzuwa lisanalowe. Usipa unanyamula uja usayerekeze kuukazinga m'poto wawo, potoyo akhoza kumutaya. Supuni imene yalowa m'kamwa mwako isabwererenso mumphika. Madzi a m'botolo la anthu onse uzimwa chothira, milomo osakhudza botolo. Dzanja lodyera ndi lamanja ngati kwathu konkuno. Akamakuwonjezera rotli, chapati chawo chopyapyala chija, ndi dal, ndiwo ya mphodza, kukana kamodzi samva ayi. Phimba mbale ndi dzanja uku ukumwetulira, apo bii udya mpaka kulephera kudzuka.

Mowa ndi woletsedwa ku Gujarat kuyambira 1960, anzako asakunamize.

Tsono zokufunsa kumene ukupita ndi nthawi yobwerera zisakupweteke mtima. Ana awo omwe, a ndevu pepeya, amafunsidwa chimodzimodzi. Ukadzitsekera m'chipinda tsiku lonse, iwo amaganiza kuti wadwala kapena wakwiya. Madzulo akamadya khichdi, mpunga wophika pamodzi ndi mphodza uja, khala nawo pamenepo, ndipo uwapemphe agogowo akuphunzitse kupanga rotli. Zoyamba zidzatuluka zokhotakhota, adzakuseka, iwe uzisekera nawo limodzi.

Bambo ako akuti uziimba foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Uli patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka, ndiye usamatidzutse usiku.

Ndine,
Mayi ako