Zikomo posunga bokosi la agogo athu a Keyala

Area 25
Lilongwe

Mkulu wa Nthambi ya Museums and Monuments
Lilongwe

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa mayi anga, amalume ndi mbumba yathu yonse. Tikuthokoza ofesi yanu yosunga zinthu zakale chifukwa cha mmene munatilandirira tsiku lija tinabwera ndi katundu wa malemu agogo athu aamuna, omwe anali msilikali wa King's African Rifles, gulu lomwe akuluakulu kwathu kuno amangolitchula kuti Keyala. Mayi akhala akundikumbutsa mmawa uliwonse kuti, "Kodi anthu aja wawalembera?" Lero ndiye ndakhala pansi.

Bokosi lachitsulo lomwe tinabweretsalo lakhala kunsi kwa bedi kumudzi kwathu ku Mitundu kuyambira ine ndisanabadwe. Agogo adakali moyo ankalitsekula kamodzi pachaka, mwezi wa Novembala. Ankatulutsa mamendulo awo atatu, kuwapukuta ndi kansalu, kuwapachika pa jekete, kenaka n'kukhala pakhonde pafupi ndi wailesi kumvera mwambo wokumbukira asilikali omwe adatsala kunkhondo. Ikakwana 11 koloko ankaimirira njo, ngakhale mawondo anali atayamba kuwavuta, ndipo ife ana tinkadziwa kuti nthawi imeneyo sasewera. Atamwalira mu 1998, bokosilo linatsekedwa ndipo palibe ankaligwiranso.

Chomwe chinatidzidzimutsa ndi mvula ya chaka chatha. Denga linadontha, ndipo potulutsa katundu kuti aume tinapeza chiswe chitamanga njira yake mpaka pakamwa pa bokosi. Dzimbiri linali litaboola kunsi. Chipewa chawo chankhondo, chija chopinda mbali imodzi, chinali chitadyedwa theka la mlomo. Kabuku kawo kotulukira usilikali kanapulumuka chifukwa agogo aakazi adakakulunga m'pepala la pulasitiki la shuga. Mayi atakaona anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Sindibisa, nkhani yopereka katunduyu sinali yapafupi m'banja mwathu. Kunabwerapo munthu wina wogula zinthu zakale, atamva mphekesera, n'kutchula ndalama yoti m'nyengo ya feteleza ino munthu mutu ungazungulire. Ena mwa abale ankati tigulitse basi, mamendulo sadyedwa. Ena ankati katundu wa malemu sachoka pamudzi. Tinakhala pansi kawiri konse. Amalume, monga eni mbumba, ndiwo anamanga nkhani. Anati wogulayo akufuna chitsulo chokha, dzina la bambo awo alibe nalo ntchito, ndipo chiswe nachonso sichidziwa dzina la munthu. Anati tipite nazo kwa anthu omwe ntchito yawo ndi kusunga.

Tinafika ku ofesi yanu ndi mantha pang'ono. Tinkaganiza kuti mwina atiuza kuti tisiye pa tebulo, tisayine, tizipita. Koma mayi amene anatilandira anayamba ndi kupatsa mayi anga mpando ndi madzi akumwa, n'kuwafunsa za ulendo. Kenaka anavala magulovu, anayala pepala loyera pa tebulo, n'kuyamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi ngati akunyamula mwana wakhanda. Lamba, botolo lamadzi lophwanyika pakhosi, mbale yachitsulo yodyera, kansalu ka paphewa kokhala ndi mutu wa chipembere, chithunzi chimodzi chofwifwa cha anyamata asanu atavala makabudula a kaki. Chilichonse anachijambula, kuchiyeza ndi kuchipatsa nambala yake.

Ine ndinali nditabwera ndi maganizo opepesa kuti mamendulo ndi akuda, sitinawakweche. Kunyumba ndinatsala pang'ono kuwatsuka ndi phulusa ndi ndimu monga timachitira ndi mapoto. Mayiwo anandiuza kuti ndinachita bwino kuwasiya choncho, chifukwa kukwecha kumadya zilembo ndipo zikafufutika sizibwereranso. Anatiuzanso kuti pulasitiki ija inathandiza pa chiswe, koma ikanakhalitsa ikanasunga chinyontho n'kuwoletsa mapepala.

Chachikulu chomwe tikuthokozera ndi ichi. Bambo wina wa mu ofesi yanu anatenga mendulo imodzi, yanyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yokhala ndi kansalu kofiira pakati, n'kutiuza kuti imeneyi ndi Burma Star. Anaitembenuza n'kutionetsa kumbuyo kwake: mbee, popanda dzina. Anafotokoza kuti mamendulo ambiri a nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ankaperekedwa choncho, osalembedwa mwini wake. Choncho mendulo ikasiyana ndi kabuku kokhala ndi nambala ya msilikali, palibenso angadziwe kuti inali pachifuwa cha ndani. Apo m'pomwe ndinamvetsa zomwe amalume ankanena. Tikanagulitsa, nyenyezi ija ikanapita kwina, kabuku n'kutsala kudyedwa ndi chiswe, agogo n'kuzimiririka pakati.

Bamboyo anawerenga kabukuko tsamba ndi tsamba, n'kumalumikiza ndi zomwe mayi ankakumbuka. Ife tinkangodziwa kuti agogo "adapita ku Bama". Tsopano tikudziwa njira yake. Adalembedwa usilikali ku Zomba, adapita ku Kenya, adakwera sitima yapamadzi ku Mombasa kupita ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, ndipo mu 1944 gulu lawo, 11th East African Division, lomwe chizindikiro chake ndi chipembere chija, lidalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma, komwe lero ndi Myanmar, mvula ili pakati, kuthamangitsa asilikali a ku Japan mpaka kumtsinje wa Chindwin. Agogo sankakonda kukamba za kuwomberana. Ankakamba za matope ofika m'mawondo, za misundu yomwe ankaichotsa pamiyendo ndi ndudu yoyaka, za malungo omwe ankagwetsa amuna amphamvu, ndi za chakudya chomwe ndege zinkaponya kuchokera kumwamba chifukwa misewu inali itasanduka phala. Tili ana tinkayesa nthano zimenezi, makamaka ya chakudya chogwa kumwambayo. Kumva munthu wophunzira za mbiri akutsimikiza kuti zinalidi choncho kunandichititsa manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu anu anadekha maola atatu. Anapempha chilolezo chojambula mawu a mayi, ndipo sanawadule pakamwa ngakhale pomwe nkhani inakhotera kwina. Mayi anakamba za momwe bambo awo ankadzukira usiku akukuwa mphezi ikang'anima, momwe ankakanira kudya mpunga mpaka imfa yawo, ndi momwe ankawongolera mizere ya anyamata ovina mganda pabwalo, akuti phazi la msilikali silikwekwereza. Anakambanso za agogo awo a iwowo, omwe adasenza katundu ngati mtengatenga pa nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918 ndipo sadabwere ndi mendulo kapena kapepala kalikonse. Bamboyo analemba nawonso dzina lawo. Zimenezo sitinaziyembekezere. Anthu a mtengatenga adafa ambiri ndi njala ndi matenda m'njira, ndipo kawirikawiri pokumbukira nkhondo satchulidwa.

Ndithokozenso kuti fomu yoperekera katundu munatiwerengera m'Chichewa amalume asanasayine. Munatiuza poyera kuti tikapereka ndiye kuti katunduyo wakhala wa mtundu wonse wa Amalawi, sitingadzabwere mawa kudzamutenga, komanso kuti si zonse zomwe zidzaikidwe poonetsera anthu nthawi yomweyo. Amalume anafunsa kawiri ngati dzina la bambo awo ndi mudzi wawo zidzakhale limodzi ndi katunduyo kulikonse komwe angapite, ku Chichiri ku Blantyre kapena kwina, ndipo munawaonetsa pomwe zalembedwa. Pepala lathu lili ndi chidindo, ndipo zithunzi zomwe munatitumizira pa WhatsApp zafika kale kwa abale ku Kasungu ndi ku Johannesburg. Amene ankati tigulitse aja ndi omwe anayamba kuziika pa foni zawo.

Pobwerera tinadzera pa chipilala chokumbukira asilikali chija chili kufupi ndi Capital Hill. Ndadutsapo kosawerengeka pa minibasi osachilabadira. Tsiku limenelo mayi anati titsike. Anaima pansi pake kanthawi osayankhula, kenaka anati, "Bambo tawasiya pabwino." Ndikukhulupirira kuti m'midzi ya Lilongwe, Dedza, Dowa ndi kwina muli mabokosi ambiri onga lathuli, ndipo eni ake sadziwa kuti kuli khomo lomwe angagogode. Mukanamalengeza pa wailesi chakumayambiriro kwa Novembala, pomwe anthu avala maluwa ofiira aja pachifuwa, ambiri akanabwera mvula isanawalowere.

Pali kanthu kena kamodzi. Sabata yatha mayi akusesa m'nyumba ya agogo anapeza supuni yachitsulo itasomekedwa kudenga, yokhala ndi nambala yokhomedwa pachigwiriro. Tayerekeza ndi chithunzi cha kabuku kaja, ndipo nambala yake ndi yomweyo. Sitinaitsuke. Taikulunga m'pepala loyera monga munatiphunzitsira, ndipo amalume akuti adzabwera nayo iwo eni akamaliza kubzala. Apempha kuti ngati n'kotheka adzabwere ndi adzukulu awo awiri a sitandade 7, kuti adzaone mamendulo a agogo awo ndi maso.

Zikomo kwambiri, Bwana, ndipo mutiperekere moni kwa mayi ndi bambo omwe anatithandiza aja.

Ine wanu,
Mdzukulu wa msilikali wa Keyala