Zomwe ndabwera nazo ku Salima: lipoti kwa amayi a banki m'khonde yathu

Amayi anzanga, ndabwerako. Ndinakwera pa Chia Lachiwiri m'mamawa, minibasi n'kukaima pa Benga kudikira anthu mpaka dzuwa kuswa mtengo, moti ku Senga Bay ndinafika msonkhano wa magulu a banki m'khonde utayamba kale. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa ndamva kuti ena akuti ndinapita kukadya chambo. Chambocho ndinadyadi, kamodzi. Koma ndalama munandipatsa inathera pa Kamuzu Road, ya kabaza ndinachita kupisa m'thumba mwanga. Zonse ndalemba, pepala lili ndi amsungichuma.

Tsiku loyamba kunali malonje ndi za utsogoleri, zomwe timamva chaka ndi chaka.

Lachitatu ndiye kunali nkhani. Aphunzitsi anagawa mapepala kuti aliyense alembe chomwe akufuna. Ine ndinalemba kuti "moyo wabwino". Anandibwezera pepalalo amvekere, "Mayi, moyo wabwinowu ukugulitsidwa ndalama zingati, nanga mukagula liti?" Anthu kuseka, ine manyazi gwa! Ndinafufuta n'kulemba kuti malata 24, mvula ya chaka chamawa isanagwe. Kenaka tinawerengera mtengo wake n'kuugawa ndi masabata otsala, mpaka ndinaona masheya amene ndiyenera kuponya Loweruka lililonse. Si ochepa, koma ndikuwadziwa tsopano.

Mayi wina wa ku Lifuwu, wolima mpunga ngati ife, anati iye sasunga ndalama. Akapeza ya lata limodzi amagula pomwepo n'kulilowetsa kunsi kwa bedi. Anatikumbutsa za Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, kuti amene anasunga ndalama anadzuka atasauka, pomwe malata a mayiyu anali chigonere. Mayi ameneyu ndinakhala naye mpaka usiku.

Apa ndiye ndifunse. Ife timagawana mu Disembala chifukwa chiyani? Ndalama imathera zitenje ndi nkhuku za Khirisimasi, pofika Januwale tili pakhomo pa akatapila kufuna fizi. Bwanji osagawana mu Juni, mpunga uli mbwee m'midzi, tigule wotchipa tisunge? Ndinanenapo izi chaka chatha, munati ndimakonda kutsutsa. Ku Salima magulu ena akutero kale.

Komanso tisanamizane. Cholinga changa chikwaniritsidwa bwanji pamene ena anatenga ngongole mu Malichi, mpaka lero ngakhale chiwongoladzanja osabweza? Sinditchula dzina, akudzidziwa. Malata angawo ali m'matumba mwawo.

Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse likhale ndi kope la zolinga, ndipo ziziwerengedwa mokweza mwezi uliwonse. Kopelo ndavomereza, koma zowerenga mokwezazo ndinakana konko, ndipo ndikukananso pano. Nditangonena pagulu kuti ndikufuna kugula mbuzi, sabata isanathe achibale anali atafika kale kudzabwereka. Anawauza ndani? Ine ndikuti aliyense azionetsa cholinga chake kwa alembi ndi mnzake mmodzi amene amamukhulupirira, basi.

Za kusamalira zachilengedwe anakambanso masana a tsiku lomaliza, koma kunali kutentha, ambiri amasinza.

Mapepala olembapo zolinga anandipatsa 10 okha, ife tilipo 22. Amayi apampando, Loweruka mutiuze ngati ya fotokope tichotse m'thumba la zadzidzidzi kapena tisonkhe. Aliyense abwere ndi cholembera chake, changa sindibwereketsanso.