AutoCAD yakwera mtengo, koma mmisiri wa ku Kasungu akufunikabe pulani

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tinenepo za makampani opanga mapulogalamu a pakompyuta ojambulira makina ndi nyumba. Nkhani zawo zimamveka ngati za kutali, za ku America ndi ku France. Komatu zimakhudza mnyamata amene akuphunzira zowotcherera ku koleji ya ntchito zamanja, ndiponso mwini chigayo wa ku Santhe kapena ku Chamama amene waimitsa ntchito chifukwa shafiti imene anamupalira m'tauni ikukana kulowa mu bearing.

Kampani imene amisiri ambiri kuno amaidziwa ndi Autodesk, eni ake a AutoCAD. Inayamba mu 1982 ku California, pamene John Walker ndi anzake anasonkherana ndalama zosakwana madola 60,000. Kumapeto kwa chaka chomwecho anakaonetsa AutoCAD pa chionetsero cha COMDEX ku Las Vegas. Kujambula pakompyuta kunalipo kale, koma kunali kwa opanga ndege ndi magalimoto, chifukwa makina a makampani monga Computervision ndi Intergraph ankapitirira madola 100,000. AutoCAD inkagulidwa madola 1,000 ndipo inkagwira pa kompyuta ya patebulo, moti ngakhale kaofesi ka amisiri atatu kankakwanitsa. Pofika 1985 kampaniyi inali itayamba kugulitsa masheya, ndipo m'chaka chake cha ndalama chimene chinatha mu Januwale 2024 inatolera madola pafupifupi 5.5 biliyoni.

Chimene chinaikuza chotere si ubwino wa pulogalamu wokha ayi. Ndi mtundu wa fayilo imene AutoCAD imasungiramo pulani, wotchedwa DWG. Injiniya akajambula mu DWG, kontirakitala amene wapata ntchitoyo amafunika chotsegulira DWG, woyeza malo chimodzimodzi, wa zamagetsi chimodzimodzi. Aliyense amagula chifukwa mnzake anagula kale. Ikaoneka kampani yaing'ono yobwera ndi nzeru yatsopano, zikuluzikuluzi zimangoigula. Autodesk inagula Revit mu 2002 pa madola 133 miliyoni. Dassault Systèmes ya ku France, eni ake a CATIA imene inajambula ndege ya Boeing 777, inagula SolidWorks mu 1997 pa madola 310 miliyoni. Kampani ya PTC nayo inagula Onshape mu 2019 pa madola 470 miliyoni.

Chimene chatipangitsa kulemba kalatayi chinachitika mu 2016, pamene Autodesk inasiya kugulitsa layisensi yokhalitsa. Kale munthu ankagula kamodzi n'kugwiritsa ntchito zaka zambiri mpaka kompyuta itatha. Tsopano ndi lendi, ngati munda wobwereka: chaka chimene simunalipire simulimamo, ngakhale mizere munaunda nokha. Mafayilo amakhalabe anu ndipo mukhoza kuwaona, koma pulogalamu yowasinthira imatsekeka. Kwa kampaniyo zimenezi n'zokoma, chifukwa ndalama zimalowa chaka ndi chaka. Kwa ife kuno masamu ake ndi awa. Mu 2024 AutoCAD ya munthu mmodzi inali pafupifupi madola 2,000 pachaka. Pamtengo wa kubanki wa chaka chimenecho wa K1,750 pa dola, imeneyo inali K3.5 miliyoni, mutakhala kuti madolawo mwawapeza. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizo lendi ya pulogalamu inakwera kampaniyo isanasinthe n'komwe mtengo wake.

Ena anena kuti Autodesk imapereka mapulogalamu ake ulere kwa ophunzira ndi aphunzitsi. N'zoona, ndipo sitikunyoza. Koma layisensi ya kusukulu salola kugwirira ntchito ya malonda, ndipo imatha munthu akachoka pasukulu. Wophunzira amene manja ake anazolowera pulogalamu imodzi yokhayo amatuluka ndi luso limene alibe chogwiritsira ntchito. Mapeto ake amakatenga yakuba ya pa fulashi, ija imayamba n'kukuuzani kuti muzimitse chotetezera kompyuta. Zimenezi n'kuphwanya lamulo, komanso ndi khomo limene mavairasi ambiri amalowera n'kuononga mafayilo a ntchito.

Maganizo athu ndi akuti mmisiri wa ku Kasungu chimene akusowa ndi pulani yokhala ndi miyeso yonse, yoti mmisiri wina wa ku Nkhamenya kapena ku Chinkhoma akaitenga apange chinthu chofanana ndendende. Dzina la pulogalamu imene yajambula pulaniyo lilibe nazo ntchito. Zigayo, ngolo, mageti ndi makina osendera mtedza zambiri zimapangidwa pongoonera pa zinzake ndi tepi m'manja. N'chifukwa chake makina awiri ochokera pa shedi imodzi sabwerekana zipangizo, ndipo chikathyoka chinthu chimodzi pamafunika kunyamula makina onse kupita nawo kwa amene anawapanga.

Tiyambe ndi shafiti ija. Bearing ya nambala 6205 ili ndi bowo la mamilimita 25, kunja kwake 52, kuchindikala kwake 15. Kungolemba 25 pa pulani sikukwanira, chifukwa wa pa lathe sadziwa ngati 24.9 kapena 25.1 n'zololedwa. Ngati shafiti ndi imene ikuzungulira ndipo bearing ikulowetsedwa mothina, pulani ilembe 25 k6, kutanthauza pakati pa 25.002 ndi 25.015. Ikachepa, shafiti imazungulira m'kati mwa bearing, imatentha n'kudyeka. Ikakula, anthu amaikhomerera ndi hamala, ndipo bearing imayamba kulira isanagwire ntchito nyengo imodzi. Muyeso wotere sayeza ndi tepi, ngakhale vernier imaperewera, pamafunika choyezera timiyeso ting'onoting'ono chotchedwa micrometer. Bearing za m'nyumba zake, monga UCP205, zimene zimamangidwa ndi tizomangira tiwiri ta m'mbali, zimafuna shafiti yolowa mosavuta, ya 25 h7, kuyambira 24.979 mpaka 25.000. Pamenepa pali msampha. UCP205 ndi ya mamilimita 25, pamene UCP205-16 ndi ya inchi imodzi, yomwe ndi 25.4. Pongoyang'ana n'zofanana, ndipo m'sitolo zimakhala pa shelefu imodzi. Pulani imene yalemba nambala yonse ya bearing imapulumutsa ulendo wa ku Lilongwe.

Pa lata napo pamatayika ndalama. Tinene kuti mukufuna kupinda lata la mamilimita 2 kuti likhale kona, mbali iliyonse ikhale 100 poyeza kunja. Ambiri amadula 200. Koma chitsulo chikamapindika, kunja kumatamuka, m'kati kumakhwinyata, ndipo utali umene susintha uli cha m'kati mwa kuchindikala kwake. Ngati popindapo pazungulira ndi mamilimita 2 m'kati, utali wodula ndi pafupifupi 196.4. Kusiyana kwa 3.6 kukuoneka kochepa, koma chothiramo chimanga cha chigayo chimakhala ndi mapindo angapo, ndipo pomaliza mabowo a mabawuti sakumana. Pulogalamu imawerengera zimenezi, kokha ngati mwaipatsa nambala yoona ya mmene makina anu amapindira. Njira yake ndi kudula kachidutswa ka mamilimita 100, kukapinda, kuyeza mbali zonse ziwiri, n'kuikamo zimene mwapezazo. Musadalire nambala imene inabwera ndi pulogalamu, chifukwa inawerengedwera makina a m'fakitale, osati kupinda pa njanji ndi hamala.

Chimodzimodzi podula angle iron. Imabwera ya mamita 6, ndipo munthu akafuna miyendo ya 750 amawerenga kuti ituluka 8. Situluka. Disiki yodulira ya mamilimita 3 imadya mamilimita 21 pa malo 7 odulapo, ndiye mwendo womaliza umaperewera. Ndandanda ya zodula iziwerengera disikiyo, kapena miyendo ikhale 745. Pulogalamu imathandizanso pa kulemera musanagule chitsulo: angle iron ya 40 ndi 40 ndi 4 imalemera makilogalamu 2.4 pa mita, ndipo pleti ya 2,440 ndi 1,220 yochindikala mamilimita 3 imalemera makilogalamu 70. Amene akupereka mtengo kwa kasitomala osadziwa manambalawa akungolosera. Mabowo nawo alembedwe bwino: bawuti ya M8 imadutsa pa bowo la 9, koma ngati mukudula mazinga m'chitsulomo bowo likhale 6.8, ya M10 ndi 11 ndi 8.5.

Pamene kompyuta imaposa pepala kwenikweni ndi pa kusintha. Tengani makina osendera mtedza. Chalimbana ndi wa maso akuluakulu, CG7 ndi wapakati, Kakoma ndi wamng'ono. Sefa imodzi singakwanire onsewa. Mabowo akachepa mtedza umasweka, ndipo wosweka umagwa mtengo komanso suchedwa kuchita chuku. Akakula, makoko amadutsa osasendeka. Mukajambula sefayo m'njira yoti kukula kwa bowo ndi mpata wa pakati pa sefa ndi chogudubuza zikhale manambala a pa tebulo limodzi, mumasintha nambala imodzi, pulani yonse n'kudzikonza yokha. Ma pulley chimodzimodzi. Mota wamba wa magetsi athu a 50 Hz amazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi. Chigayo chofuna 2,900 chikhale ndi pulley ya 200 ku mota ndi ya 100 ku chigayo. Makina ofuna kuyenda pang'onopang'ono, tinene 290, akhale ndi 80 ku mota ndi 400 kwinako. Wina akasintha mota n'kuika wa 2,900 osasintha ma pulley, liwiro limawirikiza kawiri, ndipo pa chigayo imeneyo ndi ngozi yoti mahamala akhoza kuthyoka. Pulani ya mahamala izilembanso kulemera kwake, kuti oyang'anizana akhale ofanana pa sikelo. Kupanda kutero chigayo chimanjenjemera mpaka kung'amba mowotcherera.

Zonsezi sizifuna pulogalamu ya K3.5 miliyoni. LibreCAD ndi yaulere ndipo imakwanira pa pulani za mizere, monga mageti ndi mafelemu a mawindo. FreeCAD ndi yaulere, imajambula chinthu chathunthu cha mbali zonse, ili ndi tebulo la manambala lija, ndipo gawo lake la TechDraw limatulutsa pulani yosindikiza. Mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu Novembala 2024 uli ndi gawo lolumikizira zipangizo kukhala makina amodzi. Onsewa amagwira popanda intaneti, zimene n'zofunika kwa munthu wogula bandulo ya tsiku. Zofooka zilipo, tisabise. FreeCAD imavuta kuizolowera, nthawi zina mukasintha chinthu cha koyambirira zam'tsogolo zimasokonekera, ndipo DWG siitsegula yokha popanda kuikamo chosinthira china. Ofesi yojambula nyumba zosanjikizana kapena milatho, imene imasinthana mafayilo ndi makampani akunja tsiku ndi tsiku, ilipire layisensi basi. Ndalama yake imabwerera. Ife tikunena za shedi ya anthu anayi.

Potumiza fayilo kwa odula zitsulo ndi makina a plasma kapena laser mumzinda, zolakwika zake n'zodziwika. Tumizani fayilo ya DXF, imene mapulogalamu osiyanasiyana amasinthanirana pulani, ya mtundu wakale monga R12 kapena 2000, chifukwa makina ambiri amaiwerenga bwino. Nenani kuti ndi mamilimita, pakuti pulani ya mainchi ikatsegulidwa ngati ya mamilimita imachepa ka 25.4. Mizere yozungulira chinthu ikumane ndi kutsekeka. Pakatsala kampata makina sadziwa m'kati ndi kunja. Mzere ukajambulidwa kawiri pamalo amodzi makina amadulanso kawiri, m'mphepete mumapsa ndipo mumalipira zambiri. Pa pulani yosindikiza ikani chizindikiro chosonyeza njira imene mwatsata poyala mbali za chinthucho pa pepala, kaya first angle, ya ku Ulaya, kapena third angle, ya ku America, chifukwa mmisiri akawerenga mosemphana amaboola kumanzere pamene panayenera kukhala kumanja. Mukasindikiza pepala loti mumate pa chitsulo n'kudula motsatira, jambulanipo mzere wa mamilimita 100 ndipo muuyeze ndi rula. M'mashopu osindikizira amakonda kuchepetsa chithunzi kuti chikwane pa pepala, osakuuzani.

Pempho lathu likupita ku TEVETA ndi ku makoleji monga Namitete ndi Lilongwe Technical, kumene achinyamata ambiri a chigawo chino amakaphunzira, komanso ku MUBAS ndi MUST kumene kumachokera mainjiniya. AutoCAD ndi SolidWorks ziphunzitsidwe ndithu, chifukwa olemba ntchito amazifunsa. Koma pamayeso wophunzira aziyesedwa pa pulani imene watulutsa, ndipo asamalize maphunziro asanapange chinthu chimodzi chonse pa pulogalamu yaulere imene adzapite nayo kwawo. Maphunziro a masabata ochepa a amisiri amene ali kale pa ntchito angachitikire pa boma pompano, nyengo ya dzinja pamene maoda amachepa, pa malaputopu wamba a 8 GB amene amapirira magetsi akazima.

Makhonsolo, makopaletivu ndi mabungwe amene amagulira alimi makina azilemba mu mgwirizano kuti wopanga apereke pulani pamodzi ndi makinawo: PDF yowerenga, DXF ya zodula, ndi STEP ya chinthu chathunthu, kuphatikizapo ndandanda ya ma bearing, malamba ndi mabawuti ndi manambala ake. Mafayilo atatuwa amatseguka pa mapulogalamu ambiri, olipira ndi aulere omwe. Kope imodzi isindikizidwe pa pepala la A3, ikutidwe ndi pulasitiki, isungidwe ndi mlembi wa kopaletivu, ndipo ndalama yomaliza isaperekedwe mmisiri wina asanayeze makinawo n'kuona kuti akugwirizana ndi pulaniyo.

Ndife,
Amisiri a zitsulo ndi aphunzitsi a zojambula makina,
Kasungu