Lipoti la msonkhano: kusuzumira mu microwave ndi ma neutron

Anzanga amene munandituma,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa zogwiritsa ntchito ma neutron poona zochitika mu microwave, ndipo nazi zomwe ndatolako.

Tonse tikudziwa kuti ufa wina wa makemikolo womwe umafuna maola ambiri m'ng'anjo wamba umapsa m'mphindi zochepa mu microwave ya 2.45 GHz. Vuto n'lakuti timangoona zomwe talowetsa ndi zomwe zatuluka, zapakati sitiziona. Ma neutron, tinthu ting'onoting'ono topezeka m'kati mwa atomu, ndiwo akutsegula maso pamenepa. Alibe chaji ya magetsi, ndiye amabooleza khoma lachitsulo, kukafika pa ufawo n'kumwazika motsatira mmene ma atomu andandamira. Amaonanso hydrogen ndi lithium, zomwe X-ray imavutika nazo. Makina a Polaris ku ISIS, ku Oxfordshire m'dziko la England, ndi D20 ku ILL, ku Grenoble m'dziko la France (onsewa ndi malo ofufuzira pogwiritsa ntchito ma neutron), ndi ena mwa omwe amatha kujambula ufa uku ukupsa.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani ya kuyeza kutentha. Thermocouple, yoyezera kutentha mokhudza chinthucho, ndi waya wachitsulo, imasokoneza mafunde a microwave ndipo imatha kuthetheka. Pyrometer, yoyezera kutentha ili patali, imaona pamwamba pokha, chonsecho microwave imatenthetsa m'kati momwemo. Mmodzi wa ofotokoza anatiyendetsera kachubu ka galasi la quartz kokhala ndi ufa wopsa mu microwave kuti aliyense agwire (ka vanadium, komwe akatswiri a ma neutron anazolowera, sikayenera muno poti n'kachitsulo). Nditakatembenuza ndinaona pakati patagwirana ngati mwala, m'mbali mukadali ufa wa mbuu. Kachubu kamodzi, kutentha kuwiri.

Njira yozembera vutoli ndi yokoma kwambiri. Chinthu chikatentha, mpata wa pakati pa ma atomu umakula pang'ono, ndipo ma neutron amayeza mpatawo. Ufawo umadzinenera wokha kutentha kwake.

Panabuka mkangano wakale uja, woti kodi microwave ili ndi mphamvu ina yapadera kupatula kutentha. Ine ndabwerako ndikukayikira kwambiri. Amene sanayeze kutentha kwa m'kati asafulumire kunena kuti wapeza chachilendo, ndipo izi zikutikhudza ifenso, chifukwa ziwerengero zathu zonse za kutentha n'zoyeza pamwamba pa ufa pokha.

Ndikupempha kuti pokumana kotsatira tisankhe ufa umodzi wokha, tione ngati umatentha wokha kapena ukufuna graphite kapena silicon carbide woutenthetsa, kenako tilembe pempho la nthawi pa makina a ma neutron aja. Mapempho amapikisana, ndiye tikufunika anthu awiri oti ayambe kulemba msanga.