Mwala umene unabisa golide wa ku Joni

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse owerenga anzanga za mwala wotchedwa conglomerate, umene ambiri amaupeputsa poona kuti umangofanana ndi konkire yakale. Mwalawu umapangika pamene timiyala tobulungira toposa mamilimita 2 kukula kwake, tokokoloka ndi mitsinje yothamanga, taunjikana pamodzi ndi mchenga n'kumatana pang'onopang'ono mothandizidwa ndi silika (chinthu chimene mchenga wambiri umapangidwa nacho), laimu kapena dzimbiri la chitsulo. Pomanga nyumba sudalirika kwenikweni chifukwa sulimba mofanana paliponse, ngakhale kuti ukaphwanyidwa umathiridwa m'misewu.

Komatu golide wa ku Witwatersrand, amene anapezeka mu 1886 n'kuchititsa kuti mzinda wa Johannesburg ukhazikitsidwe, ali m'mwala womwewu, ndipo agogo athu amene ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi, ankakhetsera thukuta lawo pa mwala umenewu.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Zomba