Dandaulo pa ma spacer ndi ma shock amene munamanga pa Land Cruiser 80

Kwa Bwana Woyang'anira Galaja,

Tikudandaula ndi ntchito imene amakaniko anu anagwira pa galimoto yathu ya Toyota Land Cruiser 80 ya 1996. Lisiti lanu likusonyeza kuti tinalipira ma spacer (zitsulo zoika kuseri kwa limu kuti tayala litulukire kunja) anayi a 25 mm, ma shock anayi atsopano komanso ntchito yomanga. Pano galimotoyo ili chiimire, chifukwa zipangizo munamangazo si zake.

Ma spacer amene munatigulitsa ndi a Nissan Patrol. Analowa chifukwa magalimoto awiriwa onse ali ndi mabowo 6 otalikirana mofanana, pa muyeso wa 139.7 mm, koma kufananako kumathera pomwepo. Bowo lapakati la Patrol ndi 110 mm pamene hub (chitsulo chimene tayala limamangidwapo) ya Land Cruiser 80 ndi 106 mm, ndiye spacer yanu siikukhala pa hub, yangolendewera pa ma stud (mabawuti olowamo manati a tayala) ndi mpata wa 2 mm mbali zonse. Tayala losakhala pakatikati limazungulira mopendama, n'chifukwa chake chiwongolero chikumanjenjemera galimoto ikafika pa 80 km pa ola. Kubalansa matayala sikungathetse zimenezi.

Choopsa kwambiri ndi mazinga. Ma stud a pa spacer yanu ndi M12 x 1.25, pamene manati a Toyota ndi M12 x 1.5, kutanthauza kuti mazinga ake ndi otalikirana mosiyana. Nati yotere ukaizungulitsa ndi dzanja imalowa pang'ono n'kukana, ndipo makaniko aliyense amadziwa kuti apo waphonya. Anyamata anu anaikakamiza ndi mfuti ya mpweya mpaka inalowa. Titamasula, tapeza mazinga odyeka pa matayala onse anayi, ndipo stud imodzi yakutsogolo kumanzere inathyokera m'nati.

Palinso vuto la kuchindikala. Ma stud akale a pa hub atulukira kupyola nkhope ya spacer ndi 4 mm, ndipo malimu athu alibe timaenje kumbuyo toti mitu imeneyi ibisalemo. Limu yatsamira pa mitu ya ma stud m'malo mogona pa spacer; zipsera zake zikuonekera kumbuyo kwa limu iliyonse. Nati imaoneka ngati yalimba, koma galimoto ikangoyenda pa msewu wa mabampu imayamba kukhwefuka. Panafunika spacer yochindikala 30 mm kapena kuposa. Dzimbiri la pa hub nalonso silinapalidwe, ndiye chitsulo sichinagundane bwino ndi chinzake. Pa malimu a aluminiyamu a galimoto imeneyi Toyota imalamula kulimbitsa manati pa 103 Nm, zomangidwa ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa nati) modumphanitsa manati; kenako manatiwo amafunika kubwerezanso kuwalimbitsa galimoto ikayendako. Za kubwerezaku palibe anatiuza.

Tsono ma shock. Galimotoyi ili ndi masipuling'i okweza ndi 50 mm, ndipo izi zinalembedwa pa khadi la ntchito. Inu munamanga ma shock a msinkhu wa kufakitale. Shock yaifupi pa galimoto yokwezedwa imakhala itatambasuka kale pafupifupi yonse, choncho tayala likagwera m'dzenje imafika pamapeto n'kugunda, ndipo ndiyo imakoka ekiselo yonse. Kugogoda kumene kukumveka kumbuyoko ndi kumeneko, ndipo shock yakumbuyo kumanja yayamba kale kudontha oyilo. Mabawuti a pansi a ma shock akumbuyo anamangidwa galimoto ili pa jeke, matayala ali m'malere. Itatsitsidwa, mabushi anapotoka n'kung'aluka. Bawuti imeneyi imalimbitsidwa galimoto itaima pa matayala ake. Kutsogolo manati apamwamba anafinyidwa mopitirira mpaka labala kufalikira kunja kwa mawashala.

Sitikutsutsa zoti spacer imawonjezera katundu pa mabeling'i a matayala. Zimenezo tinkazidziwa ndipo tinazivomera. Chimene sitingavomere ndi kulipira zipangizo za galimoto ina, zomangidwa mwanjira yoti tayala likanatha kuguluka pa M1 anthu ali m'kati.

Tikupempha kuti muchotse ma spacer onse anayi n'kuika a bowo la 106 mm, a ma stud a M12 x 1.5, ochindikala mokwanira, pamodzi ndi manati 24 atsopano. Ma shock onse anayi asinthidwe ndi oyenera galimoto yokwezedwa 50 mm, ndipo tione kaye utali wake atatambasuka ndi atapanikizidwa musanamange. Muyang'anenso ma stud a pa hub ndi mabowo a malimu. Chimene chawonongeka mulipire ndinu. Ngati zipangizozi mulibe, tibwezereni ndalama zonse kuti tikakonzetse kwina. Galimotoyo siingayende, ndiye yoikoka mutumize inuyo.

Tikudikira yankho lolemba pasanathe masiku 14. Likapanda kubwera, tikatula nkhaniyi ku Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi lisiti, zithunzi ndi stud yothyokayo.

Ndife makasitomala anu,
Eni galimoto