Amakaniko siyani kutichotsera ma thermostat, mafuta akutithera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yathuyi, koma lero sindikudandaula za mtengo wa mafuta ayi, zimenezo aliyense akuyankhula kale mu minibasi ndi pa maliro pomwe. Ine nkhani yanga ndi ya mafuta amene tagula kale ndi ndalama zathu koma akungothera mu injini chabe chifukwa cha nzeru za pansi pa mtengo wa mango.

Ndili ndi ka Vitz kakale, kopangidwa 2003, kaja ka injini yaing'ono ya 1.0 lita komwe mita ya sipidi ili pakati pa dashibodi. Kanabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe ngati magalimoto ambiri omwe tikuyendera kunowa, ine ndinakagula kwa munthu wachiwiri. Ndimakhala pa Kasungu boma, ndimayendera kageni kanga ka soya ndi mtedza ku Santhe, ku Chamama, nthawi zina ku Lilongwe pa M1. Nde mafuta kwa ine si nkhani yongomva. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti petulo anafika K2,530 pa lita, ndipo kuchokera pamenepo wakweranso, pamwamba pake mizere ija tinkagona pa filing'i mpaka kucha tikudyedwa ndi udzudzu.

Chaka china mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo kagalimoto kanayamba kutentha. Ndinapita kwa amakaniko ena kuno, dzina sinditchula chifukwa si iwo okha amachita zimenezi, anamasula paipi yapansi ya rediyeta nkutulutsa kachitsulo kokhala ndi sipuling'i, nkundionetsa ngati atulutsa chithumwa padenga. Amvekere "bwana vuto ndi ili, aka ndi ka thermostat, anaikira kuzizira kwa ku Japan, kuno ku Malawi kulibe ntchito." Anakataya pansi pomwepo, kenako fani anailumikiza dailekiti kuti izizungulira nthawi zonse ukangoyatsa. Ndinalipira ndikuthokoza, kutentha kunathadi, ine nkumati ndapeza dokotala.

Koma mafuta abale. Ulendo umene ndinazolowera kuthira malita akutiakuti ndinayamba kubwerako kagetsi ka mafuta kakuphethira. Poyamba ndinkaganiza kuti akutibera pa pampu, kenako ndinanamizira mphwanga amene amakabwereka nthawi zina kuti mwina akumapanga matola ine osadziwa, mpaka tinakwiyitsana masabata awiri. Chomwe chinanditsegula maso ndi mwezi wa June. Ka Vitz aka kalibe geji ya kutentha, kali ndi kagetsi kokha kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, kale kankazima ndisanatuluke ntawuni. Tsopano m'mawa wa June ndinayenda mtunda wautali pa M1 kagetsi kadakali kowala, kuzima pang'ono pa chitunda, potsetsereka kuyakanso.

Mdala wina amene anagwirapo ntchito ya umakaniko zaka zambiri ndi amene anandifotokozera, ndipo ndinadzawerenganso ndekha nkupeza kuti sananame. Thermostat ija ndi kachitseko chabe. Injini ikakhala yozizira kamatseka madzi kuti asapite ku rediyeta kuti injini itenthe msanga, madziwo akafika cha m'ma digiri 80 kamatseguka. Injini za magalimoto amenewa zimayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo kompyutayo ikamva kuti injini ndi yozizira imathira mafuta ochulukirapo, chimodzimodzi mmene tinkakokera choki pa magalimoto akale aja. Nde ukachotsa kachitsekoko injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, nthawi zina osafika nkomwe, kompyuta nkumangoganiza kuti kukadali m'mawa tsiku lonse. Mapulagi anga titawamasula anali bii ngati pansi pa poto. Ndipo Japan nayenso kumatentha nthawi ya chilimwe chawo, magalimoto omwewa amayenda ndi thermostat yomweyo osawira.

Chomwe chinkatenthetsa galimoto yanga chinali china, rediyeta inali itatsekeka ndi dzimbiri chifukwa ndinkangothira madzi a pa mjigo zaka zonsezi, ndipo chivindikiro chake labala inali itatha. Tinatsuka rediyeta, kugula chivindikiro, kuika thermostat ina, kubwezera fani pa waya wake, kuthira coolant weniweni, madzi aja amankhwala oziziritsira injini. Sinawirenso mpaka lero, Okutobala wadutsa kawiri.

Anthu amafunsa kuti ukudziwa bwanji kuti zasintha, poti ambiri timathira mafuta a K10,000 lero, mawa a K5,000, osadziwa nkomwe kuti galimoto yathu imayenda makilomita angati pa lita. Mayesedwe ake ndi osavuta koma amafuna tsiku limene uli ndi ndalama komanso mafuta alipo. Dzadzitsani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani ka trip mita, kaja kowerenga makilomita a ulendo pa dashibodi, pa ziro, yendani masiku angapo, mudzadzitsenso mpaka idule, kenako makilomita aja mugawe ndi malita mwathira kachiwiriwa. Ine ndimalemba mu kabuku komwe ndimalembamo ngongole za soya. Kanga kanali katatsika mpaka cha m'ma 11 pa lita, titakonza kanabwerera cha m'ma 15 ndikamayenda pa tala.

Zinanso zomwe ndaphunzira ndi zazing'ono. Matayala ambiri timangowaponda ndi phazi nkumati ali bho, pomwe nambala ya mpweya yoyenera inalembedwa pa kapepala kali pa chitseko cha dalaivala, ndipo muyeze m'mawa matayala asanatenthe. Tayala lofooka limakoka galimoto ngati ngolo yodzadza fodya wopita ku Chinkhoma. Fyuluta ya mpweya ndi fumbi la msewu wa ku Chamama nthawi ya chilimwe imada msanga kwambiri, kuipopera ndi mpweya kumathandiza kamodzi kawiri koma ikafika poti kuwala sikudutsa muigulire ina basi. Buti yanga inali sitolo, jeki ziwiri, batire yakufa, sikelo, thumba la simenti lomwe ndinaiwala miyezi itatu, zonsezo ndinkazilipirira petulo. Ndipo pa M1 ndinasiya kuthamangitsana ndi ma Sienta, ndimangoyenda cha m'ma 80, ku Lilongwe ndimafikabe tsiku lomwelo.

Koma ichi chokha ndiime pang'ono, nkhani yoika pa fili potsetsereka. Madalaivala ambiri makamaka a matakisi amachotsa giya, ena mpaka kuzimitsa injini kumene eti kusunga mafuta. Pa galimoto za kompyutazi ukachotsa phazi pa moto giya ili mkati injini ikuzungulira bwino, kompyuta imadula yokha mafuta, pomwe ukaika pa fili injini imafunika mafuta kuti isazime. Nde palibe chomwe ukupindula kwenikweni. Kuzimitsa injiniko ndiye kuika moyo pa chiswe, chifukwa mabuleki mphamvu yowathandiza imachokera ku injini, ukaponda kawiri katatu amauma gwa ngati mwala, chiwongolero nachonso chimalemera. Ndinakwerapo takisi ina yotero, titafika pomwe panali ng'ombe pa msewu ndinaona dalaivala akuimirira pa buleki thukuta kamukamu, ine ndinatsika pa siteji yotsatira ngakhale ndinali nditalipira mpaka mapeto.

Za mafuta a m'zigubu sindinena zambiri, tonse tinagulapo nthawi ya mizere ija poti kunalibe kochitira. Ine anandipweteka kamodzi, galimoto inayamba kutsokomola nditangodutsa pa Lisasadzi, titatsitsa thanki pansi pake panali madzi ndi zinyalala. Petulo wathu kuno amasakaniza kale ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka madzi, nde chigubu chomwe chakhala chosatseka bwino ndi tsoka. Komanso kuyenda nthawi zonse kagetsi ka mafuta kakuyaka kumaononga pampu ya mu thanki chifukwa mafuta omwewo ndi amene amaiziziritsa, ngakhale apa ndikudziwa kuti ndikulalikira anthu amene m'thumba mulibe, inenso pakati pa mwezi ndimayendera pemphero.

Sindikunyoza amakaniko athu ayi, popanda iwo magalimoto a zaka 20 awa bwenzi atakhala makola a nkhuku kalekale, amatha kupanga chinthu kuchokera pa waya ndi chubu chakale. Koma nzeru iyi yochotsa thermostat amangopatsirana, mwana wa sipanala amaiona kwa bwana wake naye nkudzaphunzitsa wake. Ndikupempha a TEVETA ndi sukulu zophunzitsa umakaniko kuti akamakumana ndi amakaniko a m'magalaja ang'onoang'onowa nkhaniyi aziyikambako, ndipo inu a Mkonzi mutipezereko katswiri azitilembera za magalimoto mu Chichewa ngakhale kamodzi pa mwezi, chifukwa mabuku a magalimotowa amabwera mu Chijapani.

Mphwanga uja ndinamupepesa ndi nkhuku, koma mpaka pano akabwereka kagalimoto amajambula geji ya mafuta pa foni asananyamuke nkunditumizira pa WhatsApp.

Woyendetsa ka Vitz kakale,
Kasungu boma